Matayala akulu pa vani yakale: ndigule kapena ndisiye?

Wofunsa:
Abale ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi vani yakale ya Toyota Hiace imene ndimanyamulira katundu. Matayala onse anayi atha, awiri akumbuyo mpaka waya wayamba kuonekera. Wandiika m'mavutowa ndi mlamu wanga. Anaibwereka kuti akasamutsire katundu tsiku limodzi, koma ndinachita kukailanda ndekha, nditamva kuti akuilongeza simenti mpaka kudenga. Ngakhale pepani sananene, ndipo akazi anga akuti ndingokhala chete poti ndi mlongo wawo. Tsopano wina akundigulitsa malimu a 15 pamodzi ndi matayala ake, akuti galimoto ikwera pang'ono n'kusiya kugunda pansi. Akufuna yankho mawa, apo ayi apatsa wina. Ndigule? Tulo sindikuliona, vaniyi ndi imene imadyetsa ana anga.

Makanika:
Bwana, panopa pali saizi yanji? Tiwerengereni zonse zolembedwa m'mbali mwa tayala lanu, komanso za amene akukugulitsaniwo.

Dalaivala wakale:
GULANI LERO LOMWE! Ine ndakalambira pa chiwongolero, palibe angandiuze za Hiace. Tayala laling'ono ndi limene limapha mashoko. Ikani 195R15 muone, galimoto imaima ngati mwamuna, mafuta imamwa ochepa, maenje simuwamvanso. Ana a masiku ano amangoopa zilizonse.

Mayi wa bizinesi:
Achimwene samalani. Ine ndinagula matayala ooneka bwino, mapanga ake akuya ndithu, osadziwa kuti ndi a galimoto yaing'ono. Tsiku limene ndinadzaza katundu lakumbuyo linatentha n'kuphulika, vani inapotokera kutchire. Mpaka pano ndikamva phokoso pamsewu mtima umagunda. Wogulitsayo anakana kundibwezera, ati ndinadzaza ndekha. Onetsetsani kuti pali chilembo C kumapeto kwa saizi, chosonyeza kuti ndi tayala la galimoto yonyamula katundu.

Wokonda manambala:
Madala, za mafutazo si zoona. Ngati panopa pali 195R14, kutalika kwake ndi pafupifupi 668 mm, pamene 195R15 ndi pafupifupi 693 mm. Kusiyana kwake kukuyandikira 4 peresenti, chonsecho ambiri amalangiza kuti musapitirire 3. Sipidomita ikamaonetsa 100 mumakhala mukuthamanga cha m'ma 104. Pokwera chitunda injini yakale imalemedwa, mumatsitsa giya msanga, ndipo mabuleki amagwira ntchito yaikulu kuposa kale.

Dalaivala wakale:
Iwe, manambala amayendetsa galimoto? Unabadwa liti? Ine ndimamva injini ndi khutu, osati ndi kakyuleta.

Wokonda manambala:
Khutu silisintha kukula kwa tayala madala. Ngati akufunadi limu ya 15, saizi ya 205/70R15C imafanana kutalika ndi 195R14, sipidomita singasokonekere. Koma ndi yotambalala kuposa inayo, ndiye ayese kaye ngati sikukhula.

Dalaivala wakale:
KUKHULA N'CHIYANI? Hamala ilipo, umangomenya madigadi pang'ono basi. Zanga zonse ndinkatero.

Gogo wa gulu:
Ine chandikwiyitsa ndi china. Mukuyendabe ndi tayala loonekera waya? Pamsewu pali ana a eni ake. Imikani galimotoyo lero. Ndipo chida chodyera sabwereketsa, kaya ndi mlamu kaya ndi ndani.

Mnyamata wina:
Saizi yabwino ndi imene mlamu angakwanitse kulipira 😂

Mayi wa bizinesi:
Musaseke, anthu amadana mpaka kumanda chifukwa cha zoterezi. Wanga mchimwene anandiphera giyabokosi, lero sitilankhulana.

Wokonza matayala:
Musanapereke ndalama werengani mabowo a limu. Ma Hiace ena ali ndi maboti 5, ena 6. Ngakhale mabowo atafanana chiwerengero, kutalikirana kwake kuyenera kugwirizana, ndipo limu ina imalowa mkati kwambiri n'kumakhudza mabuleki. Mangani limodzi kutsogolo, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, muyesenso galimoto itadzaza. Vani yakale masipuling'i amakhala atafooka, mpata umachepa.

Dalaivala wakale:
Mukumuopseza munthu ndi zinthu zazing'ono. Akachedwa malimuwo apita, mudzamugulira ena inu?

Makanika:
Pambuyo pa saizi pamakhala nambala ngati 106/104. 106 ikutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 950. La galimoto yaing'ono lolembedwa 91 limangonyamula 615, n'chifukwa chake mayi aja linawaphulikira. Musatsike pa nambala imene opanga galimoto analemba. Kapepala kake kamakhala pa felemu ya chitseko cha dalaivala ngati sikanafufutike. Koma bwana, saizi yanu ija simunatiuzebe.

Membala watsopano:
Onaninso zaka. Pali manambala anayi pafupi ndi mawu akuti DOT. 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Lokalamba limachita ming'alu m'mbali ngakhale mapanga ali bwino. Komanso sipeya mukamusiya wa 14 mudzavutika, matayala osiyana kutalika kumbuyo amaononga difu, chida chogawa mphamvu ku matayala akumbuyo.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Vaniyi ndi yoyera, ya dizilo, injini ilibe vuto. Za mlamu ndayesa kumuimbira, foni sakuyankha, koma dzulo anthu anamuona akuyendetsa galimoto ya munthu wina. Wogulitsa uja wandiimbiranso, akuti matayala ake ndi olimba kwambiri. Ndiye ndimuuze chiyani?

Dalaivala wakale:
Muuzeni abweretse! Ndanena kale ine.

Gogo wa gulu:
Madala, kukuwa si kudziwa. Musiyeni munthu amve za amakanika.

Makanika:
Bwana, tulukani panja ndi tochi, jambulani m'mbali mwa tayala lanu ndi la wogulitsayo, muike zithunzizo pano. Muwerengenso maboti.