Mkaka wa mbuzi zanga watsika pamene msipu wayamba kuphuka, kodi ndizitulutse m'khola?

Ndikupereka moni kwa nonse a m'gulu lino, makamaka inu amene mwaweta mbuzi za mkaka kwa zaka zambiri. Ndili ndi kamunda kufupi ndi Bembeke m'boma la Dedza, komanso dimba m'mphepete mwa dambo momwe ndimalima mpiru, anyezi ndi matimati. Mbuzi ndili nazo zitatu, zosakanizika ndi mtundu woyera uja wa Saanen umene unachokera ku Switzerland. Ziwiri zinaswa kumayambiriro kwa Seputembala, mitengo ya mombo itangotulutsa masamba ofiira, ndipo yachitatu inakweredwa sabata zitatu zapitazo.

Poyamba ndinkadzaza botolo la malita awiri m'mawa uliwonse kuchokera ku mbuzi ziwirizo, koma lero mkaka sukufika ngakhale pakati pa botolo. Masangwe a mtedza amene ndinasunga atha, madeya akwera mtengo, ndipo nsenjere ya m'malire a dimba sinakule. Chizimalupsa chitagwa sabata yatha, msipu unaphuka pa lupsa ponse, ndiye mayi a kunyumba anati kusunga mbuzi zanjala m'khola pamene kunja kwabiriwira ndi nkhanza. Ndinazitulutsa m'mamawa tsiku limodzi lokha. Pofika masana imodzi inali itafufuma mimba mbali ya kumanzere, ndikamagogoda ikulira ngati ng'oma, ndipo inzake inali itapyola mpanda n'kumaliza bedi lonse la mpiru limene ndimati ndikagulitse Loweruka. Yofufumayo inapulumuka, koma ikutsegulabe m'mimba. Kodi ndizitsekere m'khola mpaka liti, ndipo kodi n'kwanzeru kudula gawo la dimba kuti ndibzalepo chakudya cha mbuzi?

Mayi woweta ku Thyolo:
Pepani bambo ndi zimene zakuchitikirani. Mayi a kunyumba sanalakwe kumvera chisoni ziweto, koma msipu wanthete uli ndi madzi ambiri, ndipo mimba imene yazolowera zouma kwa miyezi isanu siulandira mwadzidzidzi, makamaka ukadyedwa uli ndi mame. Ine ndimamweta msipuwo dzuwa litakwera, ndimauyanika pamthunzi kuti ufote, kenako ndimaupereka pang'onopang'ono mbuzi zitayamba zadya zouma. Mukachita chonchi kwa sabata ziwiri mimba imazolowera. Musaiwalenso madzi ndi mchere, chifukwa ambiri timadandaula za mkaka pamene ndowa ya m'khola imauma dzuwa lisanafike paliwombo.

Bambo amene anagwirapo ntchito ya ulangizi wa ziweto:
Ine nkhawa yanga ili pa njoka za m'mimba kuposa kufufumako. Mvula ikayamba, mazira a njokazi amene ali m'ndowe amaswa, ndipo tiana ta njokazo timakwera pa udzu waufupi wonyowa, womwewo umene mbuzi zikuthamangira. Mbuzi zongoswa kumene ndiponso za mtundu wakunja ndi zimene zimagwidwa msanga. Tsitsani chikope cha m'munsi cha mbuzi iliyonse muli padzuwa; mkati mukakhala mofiira zili bwino, koma mukayererako ndiye kuti magazi akuchepa, ndipo nthawi zina pansi pa chibwano pamatupa. Musathamangire kugula mankhwala pamsika n'kumwetsa zonse. Albendazole, mankhwala ena opha njoka za m'mimba, sapatsidwa kwa mbuzi imene yangotenga bere ngati yanu yachitatuyo, chifukwa angathe kuwononga mwana m'mimba, ndipo mbuzi yokamidwa ikamwa mankhwala pali masiku amene mkaka wake sumwedwa. Itanani mlangizi wa dera lanu akuthandizeni pa muyeso. Ngati khola lanu ndi lapansi, mangani la m'mwamba lokhala ndi mipata mvula yeniyeni isanafike, manyowa ake adzabwerera kudimba komweko.

Mlimi wa ku Ntcheu:
Achimwene, dimba musalidule, pakuti ndi limene likukugulirani madeya. Bzalani lukina ndi gilisidiya, mitengo imene masamba ake ndi chakudya cha ziweto, m'malire mvula ikakhazikika, ngakhale kuti chaka chino sizikupulumutsani. Padakali pano masamba a m'munsi a mpiru, udzu wopalira m'mabedi ndi kholowa ndi chakudya kale, bola mupewe zimene mwangopopera mankhwala. Lukina akadzakula musadzapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha tsikulo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana zikope monga mwanenera bambo mlangizi, ndipo ziwiri n'zofiira, koma yotsegula m'mimba ija ndi yoyererako ndithu, chibwano chokha ndiye sichinatupe. Mlangizi wathu wati afika Lachinayi, ndipo msipu wa lero uli kale pamthunzi kuseri kwa nkhokwe. Chatsala n'chakuti mbuzi yodwalayo ikuyamwitsa ana awiri a sabata zisanu ndi imodzi. Kodi ikamwa mankhwala anawo apitirize kuyamwa, kapena ndiwasamutsire kwa inzake imene ili ndi mwana mmodzi, ngakhale kuti imawagunda akayandikira?