Nkhungu ya Mosi-oa-Tunya ikukanika pansalu

Chifundo: Akuluakulu ndithandizeni. Mu April ndinapita ku Livingstone kudzera pa Mwami, mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) aja ndinawajambula ndi pensulo nditaima pa Knife-Edge Bridge, kamlatho ka oyenda pansi koyang'anizana ndi mathithiwo. Pano ndikusamutsira pansalu ndi penti ya acrylic, koma nkhungu ikuoneka ngati khoma lopakidwa laimu. Mwini loji wa pa Boma pano akufuna chithunzichi mwezi uno usanathe.

aPhiri a kwa Kamwendo: Unayamba ndi chiyani, miyala kapena madzi?

Chifundo: Madzi, madala. Yoyera kaye.

aPhiri a kwa Kamwendo: Pagona nkhani ndi pamenepo. Miyala ya pamathithi paja ndi yakuda bii, ndiye yamba ndi iyo, uimalize ngati kulibe nkhungu. Iume. Kenako sungunula yoyera ndi madzi mpaka ikhale yopyapyala, udonthezemo buluu pang'ono ndi kabulauni. Paka kamodzi, dikira iume, pakanso. M'munsi mukhuthale, m'mwamba mwala uzionekerabe. Nkhungu imadziwika ndi chimene yabisa, yoyera payokha sinena kanthu.

Nabanda: Bulashi isiyeni achimwene, imasiya mizere. Tengani siponji kapena kansanza konyowa muzingodinda. Madontho ndimawaza ndi mswachi wakale, kukanda ndi chala. Ndipo ndi kutentha kwayambaku acrylic sachedwa kuuma, khalani ndi kabotolo kopopera madzi pafupi.

Yamikani: Ine ndikanati penti ya mafuta basi, imasakanikirana bwino.

Nabanda: Yokagula ku Lilongwe, n'kudikiranso masiku kuti iume? Kasitomala akudikira.

Yamikani: Chabwino. Koma kukula kwake kuoneke. Madzi aja amagwa mamita oposa 100, m'lifupi ndi oposa 1,700. Ikapo mlatho wa njanji wa 1905 uja.

aPhiri a kwa Kamwendo: Ayi, mlathowo uli kumunsi kwa mtsinje. Ukayang'ana mathithi uli pamene anaima Chifundo suuona kutsogolo. Amene anafikako adzaseka. Aike kamunthu kovala lenikoti m'mphepete, kakwana. Usatengerenso zithunzi za pa intaneti za mu November, nthawi imeneyo mbali ya Zambia imakhala miyala yokhayokha. Iwe unaona a April, Zambezi atadzaza. Utawaleza ukaufuna, dzuwa likhale kumbuyo kwa woonera, mithunzi igwirizane nalo.

Chifundo: Nanga yoyera yapakidwa kaleyi ndiipale?

aPhiri a kwa Kamwendo: Usapale, ung'amba nsalu. Kwecha pang'ono ndi sandipepa wosalala, pukuta fumbi, paka yakuda pamwamba pomwepo.

Chifundo: Zikomo madala. Miyala ndiyamba usiku uno, chithunzi nditumiza Lachinayi.