Laibulale ikhale ya sukulu kapena ya mudzi wonse?

Wa komiti ya sukulu:
Abale ndithandizeni maganizo. Pa CDSS yathu pali chipinda chongokhala ndipo pali anthu akufuna kutipatsa mabuku. Ndiye mkangano wabuka, ena akuti ikhale laibulale ya ana asukulu basi, ena akuti ayi azilowa aliyense ngati zija za National Library Service. Kusiyana kwake kwenikweni nkotani kodi?

Mphunzitsi wa sekondale:
Kusiyana kulipo kwambiri bambo. Ya sukulu imayendera silabasi, mwana akalowamo akufuna buku la Biology, la Agriculture ndi mapepala akale a MANEB, ndipo komwe buku limodzi akulimbirana ana ambirimbiri chipinda chimenecho ndi chipulumutso ndithu. Koma wosunga kiyi amakhala mphunzitsi yemwenso ali ndi mapiriyodi ake, akalowa mkalasi chitseko nchotseka, ikafika holide ndiye mabuku amangodya fumbi mpaka teremu ina.

Wowerenga wa ku Mzuzu:
Ya aliyense ija safunsa kuti uli fomu chani. National Library Service idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, likulu lili ku Lilongwe ndipo nthambi zili ku Blantyre, Zomba, kuno ku Mzuzu ndi malo ena. Mukalowamo mupeza wina akusaka ntchito mu Nation ndi Daily Times, wina akubwereza MSCE payekha alibe sukulu yoti nkupitako, ena akuluakulu akuwerengera madipuloma awo. Anthu amenewa laibulale ya sukulu siwawerengera nkomwe. Vuto nlakuti zambiri zili mtauni ndi pa boma, wakumudzi thiransipoti yokha yamugwetsa kale ulesi.

Mayi wa ana atatu:
Ine ndinene zoona, mzimayi ngati ine kudutsa pakati pa ana a yunifolomu kukabwereka buku manyazi amagwira. Ngati mukufuna ife makolo tizibwera boolani khomo lina loyang'ana kunja kwa mpanda, ndipo Loweruka muzitsegula. Chinanso mabuku. Ambiri obwera kudzera ku Book Aid International kapena African Library Project ndi achizungu, ndi abwino kwa ana inde koma agogo ofuna za ulimi wa soya kapena za matenda a shuga mu Chichewa muwapatsa chani? Sakani a Chichewa, ngakhale timapepala ta alangizi a zaumoyo ndi zaulimi timathandiza.

Mphunzitsi wa sekondale:
Mayi mwanena zomveka, koma mukatsegulira onse mugawe mashelefu. Mabuku a silabasi asatuluke pageti, mwana wasukulu akataya buku timadziwa pomupeza koma wapamudzi akasamuka nalo basi lapita. Ndipo bambo a komiti, musanalandire katoni ngakhale imodzi kambiranani ndi amfumu za munthu wokhala pakhomopo masana ndi pa holide, komanso kangachepe kake kazichokera kuti, aphunzitsi patokha sitingakwanitse.