Kodi funeral doom imakuchitani chani mumtima? Ndikufuna ndimvetse

Kadzidzi_77:
Moni nonse muno. Ine metal ndayimvera kwa nthawi ndithu koma makamaka yothamanga ija, thrash ndi death, yoti ng'oma zikamalira khosi limangogwedezeka lokha. Nde posachedwapa ndayamba kulowa mu funeral doom, mtundu wa metal wochedwa ndi wolemera kwambiri, ndipo pali china chake chikundichitikira chomwe ndikulephera kuchilongosola. Nyimbo zake zimayenda pang'onopang'ono zedi, wa ng'oma akamenya kamodzi umadikira ndithu kuti amenyenso, gitala ikungokoka liwu limodzi lalitali, woyimba akubangula cha pansi pansi mawu osamveka n'komwe, nyimbo imodzi mphindi 15 kapena 20. Ndimaganiza kuti indibowa kapena indifooketsa koma ayi, ikatha ndimapezeka mtima uli zii, wopepuka. Inu amene mwakhala nayo nthawi yaitali, chimakukokani ndi chani kwenikweni, ndi chisoni chili mmenemocho kapena pali china? Komanso ndiyambire pati, mabandi achuluka.

Gitala_Yolira:
Takulandirani achimwene, mwafika pabwino. Zomwe mukumvazo si inu nokha ayi.

Ndiyambe ndi komwe inachokera chifukwa zimathandiza. Doom yonse, metal yoyenda mochedwa ija, muzu wake ndi Black Sabbath ya ku Birmingham, 1970, koma funeral doom yeniyeni inabadwira ku Finland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Anyamata a Thergothon anajambula Stream from the Heavens mu 1992, chimbalecho chinadzatuluka 1994 bandiyo itatha kale, ndipo chimbale chawo chachikulu ndi chimodzi chomwecho basi koma chinatsegula njira. Kenako Skepticism ya ku Riihimäki, ku Finland komweko, inatulutsa Stormcrowfleet mu 1995. Awa ndi omwe ine ndimawakonda kwambiri, alibe woyimba besi, malo onse apansiwo amadzaza ndi ogani, yomveka ngati ya m'tchalitchi, ndipo wa ng'oma amagwiritsa ntchito timitengo tokhala ndi mitu yofewa nde ng'omayo simveka ngati kumenya, imamveka ngati kugunda kochokera patali.

Tsopano funso lanu. Kwa ine nkhani yagona pa mpata umene uli pakati pa liwu lina ndi linzake. Mu thrash khutu limakhala pa ntchito yowerenga, riff (kachigawo ka gitala kobwerezedwa) iyi yapita ina yabwera, palibe nthawi yoganiza za iwe mwini. Kuno magitala amawatsitsa pansi kwambiri, amathira distortion yambiri (yochititsa liwu kusasa) ndi reverb (yochititsa liwu kumveka ngati m'phanga), nde akakhudza chingwe kamodzi liwu lija limakhala, limanjenjemera, limayamba kusweka, kenako kuzilala, ndipo iwe umamva moyo wake wonse kuyambira pobadwa mpaka pakufa. Nthawi imene ukudikira lotsatira ija ndi imene maganizo ako amalowamo. Komanso mvetserani bwino, pamwamba pa chiphokoso cholemeracho pafupifupi nthawi zonse pamakhala gitala ina yopyapyala kapena kiyibodi ikuyimba kanyimbo kosavuta, manotsi ochepa chabe, ndipo kameneko ndi kamene kamagwira mtima. Kubangula kuja musalimbane nako kuti mumve mawu, kutengeni ngati chida china chapansi.

China chomwe ndinazindikira, thupi limatsatira. Ukakhala nayo mphindi zingapo kupuma kumatsika, mapewa amamasuka. Ndikuganiza kuti kupepuka mukukunenako mbali ina kumachokera pamenepo.

Mvula_Yausiku:
A Gitala afotokoza bwino za kamvekedwe, ine ndiyankhe za chisonizo chifukwa kwa ine ndi chisoni ndithu, sindibisa. Mlongo wanga atamwalira anthu anandikonda, anabwera, anandipepesa, koma patangopita nthawi pang'ono aliyense amafuna ndioneke kuti ndachira. Limba mtima, zimachitika, moyo ukupitirira. Amanena ndi mtima wabwino koma ine ndinali ndisanafike pamenepo, mkati zinthu zimayenda pang'onopang'ono kuposa mmene dziko limafunira. Nyimbo zambiri zachisoni nazonso zimathamangira kukutonthoza, pofika kolasi yachiwiri zayamba kale kukuuza kuti zikhala bwino. Funeral doom sichita zimenezo. Imayenda pa liwiro lomwe munthu wosweka mtima amayendera ndipo siyikufunsa kuti utha liti kulira.

Chimbale chomwe chinandisunga ndi Mirror Reaper cha Bell Witch, a ku Seattle, cha 2017. Ndi nyimbo imodzi yokha ya mphindi 83, ndipo bandiyo ndi ya anthu awiri, Dylan Desmond pa besi ndi Jesse Shreibman pa ng'oma ndi ogani, gitala palibe. Amene ankayimba ng'oma poyamba, Adrian Guerra, anamwalira mu 2016 iwo ali mkati mokonza chimbalechi, nde anatenga mawu ake omwe anajambulidwa kale koma sanagwiritsidwe ntchito n'kuwaika cha pakati pa nyimboyo. Ukadziwa zimenezi n'kufika pamalo amenewo, aaa, ndi zovuta kufotokoza, munthu woti kulibe akuyimba limodzi ndi anzake omwe akumulira. Kenako mbali yachiwiri imatsika, kubangula kumachepa, kumabwera mawu oyera ofatsa ndi ogani, ndipo imakhala choncho nthawi yaitali osafulumira kupita kulikonse. Ine pamenepo ndi pomwe ndinkalira zenizeni, ndikatha n'kugona tulo tabwino.

Sindikunena kuti muyambe ndi chimenechi achimwene, ndi chachitali. Koma tsiku lina mudzachifuna.

Chiphompho:
Pepani kwambiri chemwali ndi zomwe munadutsamo. Zomwe mwalembazi ndazimva.

Koma ine ndisiyane nanu pang'ono, chifukwa tikamangoti chisoni chisoni anthu amaganiza kuti genre yonse ndi yolira basi. Ine sindimvera funeral doom ndikakhumudwa, ndimamvera ndikafuna kumva kuti ndine wamng'ono. Thergothon yomweyo nkhani zake zambiri zinachokera kwa Lovecraft, wolemba nkhani zoopsa wa ku America, zinthu zazikulu zakalekale zomwe sizisamala kuti munthu alipo kapena kulibe. Ahab ya ku Germany chimbale chawo choyamba cha 2006, The Call of the Wretched Sea, anachimanga pa Moby-Dick, buku lonena za kusaka namgumi, ndipo umamvadi nyanja, kulemera kwa madzi pamwamba pako, chinthu chachikulu chikuyenda pansi osachiona. Esoteric ya ku Birmingham ndiye ina, ma effect ambirimbiri, mawu akubwerezabwereza mpaka umasokonekera kuti uli pati, imeneyo ndi mantha ndi chizungulire osati misozi. Ndipo chodabwitsa n'choti kudziona wamng'ono choncho kumapumitsa, zodandaula za tsikulo zimachepa mphamvu.

Ndinenenso chilungamo, si bandi iliyonse yoyenda pang'onopang'ono imene ili yakuya. Alipo ambiri amangogwira makodi awiri kwa mphindi 20, kuthira kiyibodi pamwamba, basi ati funeral doom. Kuyimba mochedwa n'kovuta kuposa mmene anthu amaganizira chifukwa palibe pobisala, liwu lililonse lili poyera, wa ng'oma akafulumira pang'ono chabe zonse zagwa. Mukamva Mournful Congregation ya ku Adelaide mmene amalukira magitala awiri atatu pamodzi, kapena Evoken ya ku New Jersey, mudzamva kusiyana kwa anthu odziwa kumanga nyimbo ndi ongochedwetsa. Nde ikakubowani nthawi zina musadzikayikire, mwina vuto ndi bandiyo.

Kadzidzi_77:
Zikomo kwambiri nonse, chemwali pepani ndithu. Ndikuona ngati ine ndili pakati, pang'ono zomwe anena a Mvula pang'ono za a Chiphompho. Koma funso lina, mnzanga wina anandiuza kuti ndisamale, nyimbo zoterezi zitha kumulowetsa munthu m'maganizo oipa. Inu munaonapo zimenezo?

Mvula_Yausiku:
Mnzanuyo amakukondani, musamunyoze. Mmene ndimaonera ine, dziyang'aneni nyimbo ikatha. Ngati mwapepuka ngati mmene mwanenera, ikukuthandizani. Koma ngati mukuona kuti mukuigwiritsa ntchito kudzitsekera, simukufunanso kuonana ndi anthu, mukungobwereza maganizo omwewo ndipo ikatha mukulemera kuposa poyamba, pumulani kaye ndipo lankhulani ndi munthu, kaya mnzanu kaya wa uphungu. Ine ndinali ndi masiku ena oti ndimadziwa kuti lero ayi, sindiyatsa. Chimbale chimakhala nawe koma sichingakufunse kuti wadzuka bwanji.

Gitala_Yolira:
Ndikugwirizana ndi chemwali. Za poyambira, ine ndingati Shape of Despair, nawonso a ku Finland, Angels of Distress cha 2001. Muli kiyibodi yambiri, vayolini, ndi mawu achikazi a Natalie Koskinen oyandama pamwamba pa kubangulako, nde khutu limapeza pogwira msanga. Mukazolowera pitani ku Ahab chifukwa poti mwachokera ku death metal ma riff awo akumvekerani achibale. Thergothon ndi Stormcrowfleet zibwere pambuyo, kajambulidwe kake ndi kakale, kamveka ngati kachifunga, ena kamawathawitsa koma mukadzafika mudzaona kuti chifungacho ndi mbali ya nyimboyo. Ngati mukufuna kumva Skepticism momveka bwino pali Ordeal cha 2015, nyimbo zambiri ndi zatsopano koma anazijambula pamaso pa anthu ku Turku, ku Finland.

Ndipo chonde musamvere pa sipika ya foni, theka la nyimboyi lili pansi pomwe kasipikako sikafika. Mahedifoni abwino kapena masipika okhala ndi besi, voliyumu yokwanira kuti muzimva m'chifuwa koma osapweteka makutu, musaike shuffle, ndipo musadumphe pakati ngakhale pakuoneka ngati palibe chikuchitika. Mukamaliza Angels of Distress mubwere mutiuze mmene nyimbo yomaliza ija yakuchitirani, ilibe mawu koma ambiri imatigwira kuposa zinazo.