Yeremiya 29:11 yandisokoneza, ndikalalikire bwanji Lachinayi?

Wa_ku_Kawale:
Abale thandizeni. Akulu ampingo andiuza kuti ndikagawe mawu ku mlaga Lachinayi, nde ine ndimvekere zosavuta, ndingotenga Yeremiya 29:11, vesi ya aliyense ija timaiona kumbuyo kwa minibasi, yoti maganizo a Mulungu pa ife ndi a mtendere. Koma dzulo magetsi atazima ndinayatsa tochi yapafoni n'kuwerenga chaputala chonse, eeh! Kani ndi kalata yopita kwa anthu amene ali ku ukapolo ku Babulo, ndipo vesi 10 ikuti adikire zaka 70. Nde ndikawauza chani anthu poti ena akudikira ntchito, ena maliro angochitika kumene?

Mayi_wa_Chigwirizano:
Achimwene mwachita bwino kuwerenga chonse. Bwererani pa chaputala 28 muone Hananiya, anauza anthu kuti zaka ziwiri zokha zinthu zikhala bwino, mpaka kuthyola goli limene linali pakhosi pa Yeremiya anthu akuona. Chaka chomwecho Hananiyayo anamwalira. Uthenga wokoma unali wa Hananiya, woona unali wa zaka 70 uja. Ine ndikanayambira pamenepo.

Mtumiki_Ndirande:
Koma inu musatiphere chiyembekezo ndi za masukuluzi. Mawu ndi amoyo, Mzimu akhoza kutenga vesi imodzi n'kumulankhula munthu lero lomwe, agogo anga sankadziwa kuti Babulo ali kuti koma vesi imodzi inkawagoneka tulo.

Wa_ku_Joni:
Mtumiki sitikukana, koma vesi ili ndi anansi ake kkkk. Ine kuno ku Johannesburg ndinabwera ndikuti miyezi 6 ndibwerera, pano chaka cha 9. Zimene zinandigwira ndi vesi 5 mpaka 7, akuwauza amange nyumba, alime minda, akwatire, apempherere mzinda wa anthu omwe anawagwira ukapolowo. Tangoganizani, kupempherera Babulo! Ambiri amene anamva kalatayo akuluakulu sanabwerereko, anabwerera ndi ana ndi zidzukulu, koma Mulungu akuti maganizo anga pa inu ndi a mtendere. Zimenezo n'zolemera kuposa zongouzana kuti mwezi uno ulandira galimoto.

Wa_ku_Kawale:
Zikomo nonse. Ndiwerenga kuyambira vesi 4 mpaka 14, Hananiya ndingomutchula pang'ono poti amangondipatsa mphindi 15. Amayi, ndiwerenge mu Buku Lopatulika kapena Buku Loyera? Achinyamata Chinyanja cha 1922 cha mu Lopatulika chija chimawadutsa.

Mayi_wa_Chigwirizano:
Tengani onse awiri. Vesi 11 werengani mu Lopatulika, agogo analoweza mmenemo ndipo mukasintha akudzudzulani muli chiimire.