Ganyu yosamutsa njinga ku Ulaya, akuidziwa ndani?

Mnyamata wa ku Chibavi: Akuluakulu mwaswera? ine ndikadali pa Mzuzu pompano koma zikayenda mwezi wamawa ndinyamuka wa ku Dublin kusukulu, ndiye ndamva kuli ganyu yonyamula njinga pa vani, imakhala yotani kwenikweni?

Ankolo a ku Dublin: Mphwanga taganizira a Sacramento, akabaza a njinga aja, kumudziko. Mmawa anthu a ku Mchengautuba ndi Chibavi onse amathamangira mutauni koma wakabaza akatsitsa kasitomala amabwerera yekha ndi njinga yake. Kuno njinga zobwereka zija, zinayamba 2009, zilibe mwini wozibweza, munthu amangoitenga pa station kukaikoleka pa ina basi wapita. Ndiye mmawa pa Heuston pomwe anthu amatsikira sitima upeza mbee olo imodzi, kumaofesi zadzadza mpaka wina kusowa poikoleka. Madzulo zimatembenuka. Ife ndi amene timazibweza

Ankolo a ku Dublin: Koma usamadzadzitse station yonse, siya mipata. Ine sabata yoyamba ndinathira zonse ndikudziona ngati dolo, kutembenuka ndikuona anthu atatu ali chilili ndi njinga mmanja akundiyang'ana moipa kkkk. App imakuuza manambala inde koma mvula ikagwa anthu sapalasa ndiye uzigwiritsanso mutu

Asisi a ku London: Muuzeninso za msana ankolo. Zakunozi imodzi imapyola makilo 20, ukamakweza tsiku lonse umamva. Pinda maondo, magolovesi usaiwale, kuzizira kwa June pa Mzuzu nkwamasewera achimwene

Mnyamata wa ku Chibavi: Laisensi yanga yakuno igwira?

Ankolo a ku Dublin: Ya Malawi sasinthitsa kuno, ya Joni ndiye amasintha. Uyambira theory test ngati mwana. Mwayi wake amayendera kumanzere ngati kwathu. Ndiponso wasukulu amaloledwa kugwira ntchito maola 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, usapyole

Adada a ku New York: Kuno a Citi Bike, obwereketsa njinga, anachenjera, ali ndi Bike Angels, okwera omwewo akachotsa njinga podzadza nkukaisiya popanda amapatsidwa mapointi. Ku Paris pa njinga zobwereka za Vélib yakale ija ankakuonjezera mphindi 15 zaulere ukaisiya pa station ya pamtunda ngati ku Montmartre, poti aliyense amakonda kutsetsereka, kukwera chitunda ayi

Asisi a ku London: Magalimoto obwereka nawonso amafuna owasamutsa ndi kuwatchaja, ine ndinagwirako usiku. Jambula mbali zonse usanalize injini, ukapanda kutero kukalika kwa wina kukhala kwako

Mnyamata wa ku Chibavi: Yewo chomene nonse, ndayamba kale kunyamula zigubu ndizolowere

Ankolo a ku Dublin: Zigubu zisiye, unditengere kilombero makilo awiri ndi khofi wa Mzuzu, ndikakuchingamira pa airport