Kosi ya Chingerezi cha pamisonkhano: ndigule kapena ndisiye?

Tiyamike: Anzanga ndithandizeni nzeru. Kuntchito andipatsa ulembi wa misonkhano. Lachiwiri wapampando atafunsa kuti "any matters arising?" ndinangoti kakasi, cholembera chili m'malere. Ndaona kosi ya pa intaneti yolipira mwezi ndi mwezi, muli mawu a pamisonkhano ndi timavidiyo. Ndigule?

Bambo Gondwe: Achemwali, ndalama zanu zisungeni. Mawu amenewa ndi owerengeka. "Apologies" ndi anthu omwe atumiza uthenga kuti safika, si kupepesa cholakwa ayi. "Matters arising" ndi nkhani zochokera m'maminitsi a msonkhano wapita. "Quorum" ndi chiwerengero cha anthu chofunika kuti zimene mwagwirizana zimangidwe. "AOB" ndi zina ndi zina za kumapeto. Tsegulani fayilo ya maminitsi akale, werengani atatu, kosi mwaimaliza.

Chikondi: Abambo, maminitsi akale amaphunzitsa kulemba, kuyankhula ayi. Ine ndinagula yonga imeneyi chaka chatha. Mndandanda wa mawu sunandipindulire kwenikweni. Chimene ndinatolamo ndi kulowerera mnzako akuyankhula popanda kumukhumudwitsa. Kale ndinkadikira mpata mpaka nkhani itatsekedwa, mfundo yanga n'kupita nayo kunyumba. Pano ndimangoti "Sorry, can I come in here?" anthu n'kundipatsa mpata. Ndinachibwereza chiganizo chimenechi m'bafa sabata yathunthu kuti chisamandikakamire pakhosi.

Bambo Gondwe: Ndiye munalipira miyezi ingati pa chiganizo chimodzicho?

Chikondi: Inayi. Musandiseke abambo.

Esnart: Ine funso langa ndi lina. Kosiyo ndi ya Chingerezi cha ku Britain kapena cha ku America? Zimaoneka zazing'ono koma zinandichititsa manyazi. Tinali pa Zoom, bwana wina wa ku America anati "let's table the budget". Ine ndinamva monga amamvera a ku Britain, kuti bajeti ibwere tikambirane pompo, mpaka ndinayamba kuwerenga manambala. Anthu anangoti zii. Kumeneko "table" ndi kuika nkhani pambali kaye. M'buku la malamulo a misonkhano la Henry Robert, lomwe linatuluka mu 1876 ndipo mabungwe ambiri a ku America amalitsatira, "lay on the table" amatanthauza zomwezo. Mawu amodzi, matanthauzo otembenuzana. Mndandanda wongoloweza sukuchenjezani zimenezi.

Mayi Nyirenda: Esnart wanena zoona. Komanso Tiyamike mwana wanga, uone kaye kosiyo yalembedwera ayani. Ambiri amalemba mlingo wake, kuyambira A1 ya ongoyamba kumene mpaka C2 ya odziwa kwambiri. Iwe Chingerezi umachitha kale, ukagula ya A2 ukakhala ukuphunzitsidwa kupereka moni. Yang'ana B2. Usanalipire pita pa BBC Learning English, ali ndi maphunziro a Chingerezi cha muofesi aulere.

Chikondi: Zaulerezo amayi, vuto lake palibe wokukonza ukalakwitsa.

Esnart: Nanga yolipirayo alipo? Zambiri ndi mavidiyo ojambulidwa kale basi.

Tiyamike: Ndafufuza. Ndi ya ku Britain, B1, mphunzitsi woyankhulana naye palibe. Amalolanso kuyesa sabata imodzi osalipira.

Bambo Gondwe: Sabata yoyesayo ndiye msampha. Amatenga nambala ya khadi tsiku loyamba, mukaiwala kuletsa ayamba kudula okha. Ikani alamu pafoni.

Mayi Nyirenda: Ngati mulibe munthu wokumva ukuyankhula, ine sindingalipire. Bola upemphe wapampando akupatse ajenda dzulo lake, uzilembamo tanthauzo la mutu uliwonse ndi pensulo.

Tiyamike: Ajenda ya Lachiwiri ndaitenga kale. Kosi ndiiyesa sabatayo, alamu ndatchera tsiku lachisanu ndi chimodzi. Koma pamutu wachitatu alemba "proposer and seconder", wachiwiriyo ntchito yake ndi yotani?

Bambo Gondwe: Woyambayo amabweretsa ganizo, wachiwiriyo amavomereza kuti ganizolo likambidwe. Akasowa, ganizolo lafera pomwepo. Lembani maina onse awiri m'maminitsi, ndipo amene sanamveke bwino mumufunse abwereze dzina msonkhano usanapitirire.